Takisi yeniyeni sithamangira mlendo

Ndinafika ku London m'mawa wa mwezi wa Januwale kudakali mdima, nditavala jekete ya pakaunjika yomwe ku Lilongwe inkaoneka ngati yofunda kwambiri. Unali ulendo wanga woyamba kutuluka mu Africa, ndipo ndinkapita kumaphunziro a masabata ochepa. Ndinali nditachezera usiku wonse mundege, foni ilibe netiweki, m'mutu muli adilesi ya kumalo ogona basi.

Nditangotulukira pamalo pomwe anthu amadikirira abale awo, bambo wina wovala bwino, kachingwe ka khadi kali m'khosi, anandiyandikira akumwetulira. Anandifunsa m'Chingerezi kuti, "Takisi, m'bale wanga?" Ndisanayankhe n'komwe, dzanja lake linali kale pachikwama changa. Anali munthu wakuda ngati ine, wamkulu msinkhu wa amalume anga, ndipo anandifunsa za kwathu mwaulemu. Mtima unakhala pansi. Ndinamutsatira.

Tinadutsa chikwangwani cholozera komwe kuli matakisi, koma ife tinakhotera kwina. Tinakwera chikepe mpaka pamalo oimikapo magalimoto a anthu wamba. Galimoto yake inali yabwinobwino, koma inalibe mita, inalibe sitika pagalasi, inalibe chilichonse chosonyeza kuti ndi ya ntchito yonyamula anthu. Zonsezi ndinaziona. Koma chikwama chinali chili kale m'buti, ndipo ndinachita manyazi kuuza munthu wamkulu yemwe wandithandiza kunyamula katundu kuti ndasintha maganizo. Nditafunsa mtengo anangoti ndisadandaule, tikambirana tikafika.

Titafika anatchula ndalama yomwe ine ndinali nditaiwerengera kuti ndidyera sabata yathunthu ndi theka. Ndalama za m'thumba sizinakwane, ndiye anandiperekeza pamakina a ATM, n'kuima pambali panga mpaka ndinatapa. Lisiti panalibe. Madzulo ake nditafotokozera mayi wina wogwira ntchito pamalo ogonawo, anandifunsa mafunso awiri okha: nambala ya galimotoyo ndi chani, nanga ndinaiitanitsa kudzera ku kampani iti? Ndinalibe yankho. Apa m'pamene ndinachita mantha enieni, osati chifukwa cha ndalama ija, koma pozindikira kuti kwa ola lathunthu panalibe munthu ndi mmodzi yemwe padziko lapansi amene ankadziwa komwe ndinali komanso yemwe ndinali naye.

Ndikulemba izi chifukwa chaka chilichonse anzathu ena amapeza mwayi wa sikolashipu, misonkhano ya achinyamata kapena ntchito kunja. Timakonzekera viza, timasintha ndalama, timafufuza za nyengo, koma ola loyamba titatsika ndege kapena basi sitiliganizira. Chonsecho ndi ola lomwe timakhala titatopa, titanyamula pasipoti ndi ndalama zathu zonse, tisakudziwa kum'mawa ndi kumadzulo. Mfundo yanga ndi yakuti takisi yovomerezeka simaizindikira ndi utoto, ukhondo kapena ulemu wa dalaivala. Mumaizindikira chifukwa ili ndi zizindikiro zomwe mungalondole nazo mwini wake zinthu zikavuta, ndiponso chifukwa siikusakani inuyo. Imaima pamalo ake, inu n'kupita komweko.

Chifukwa chake timagwa msanga

Tisanaloze ena chala, tiyeni tione momwe tinakulira. Kwathu kuno galimoto ndi yomwe imasaka munthu. Ukafika padepoti ku Lilongwe kapena ku Limbe, oitanira amakuthamangira, wina wagwira chikwama, wina wakugwira mkono, ndipo kawirikawiri umakwera minibasi ya amene wayamba kulanda katundu wako. Wa Sienta amaimba hutala akakuona waima m'mbali mwa msewu. Wa kabaza amakuitana kuti "tiyeni bwana". Mtengo timakambirana pakamwa. Munthu wokulira m'moyo umenewu akaona wina akumuthamangira pabwalo la ndege la kunja, saona chachilendo. Amangoti ndi momwe zimakhalira.

Komanso kwathu chitetezo chathu chimachokera kwa anthu. Wa kabaza wa pasiteji yathu timamudziwa dzina, timadziwa komwe amakhala, mwina timapemphera naye tchalitchi chimodzi. Akakulakwira, anzake a pasitejipo amadziwa kokamupeza. M'galimoto yodzaza anthu mumatetezana nokha, chifukwa aliyense ndi mboni ya mnzake. N'chifukwa chake ambiri a ife sitilabadira n'komwe ngati galimoto yomwe takwera ili ndi nambala yofiira ya magalimoto onyamula anthu kapena ayi.

Ukafika mumzinda wachilendo, anthu onse okutetezawo kulibe. Palibe amene akukudziwa, ndipo dalaivala sadzakuonanso. Chomwe chimalowa m'malo mwa anthu a pasiteji aja ndi mapepala: laisensi, nambala, kaundula wa boma ndi inshuwalansi. Munthu wokana kuyang'ana zimenezi ali ngati wokwera njinga ya kabaza wosadziwika pakati pa usiku m'dera lomwe sanafikemo.

China chomwe chimatipweteka ndi ulemu wathu womwewu. Tinaphunzitsidwa kuti munthu wamkulu sumukana pamaso, ndipo wokuthandiza sumukayikira. Anthu ochita malonda amenewa amadziwa bwino zimenezi, ngakhale sanafikeko ku Malawi. Amayamba ndi kunyamula chikwama chifukwa akudziwa kuti ukalandira thandizo umamva ngati uli ndi ngongole. Mawu akuti "m'bale wanga" nawonso ndi nyambo. Munthu ukakhala wekha pakati pa azungu, nkhope yofanana ndi yako imaoneka ngati kwanu. Koma khungu si laisensi.

Mmene zilili ku London

Nditapusitsidwa ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti mzinda womwe ndinaberedwamowo ndi umodzi mwa mizinda yomwe malamulo ake a matakisi ndi omveka bwino kwambiri. Magalimoto onyamula anthu mwa hayala ali m'magulu awiri, ndipo onse amapatsidwa laisensi ndi bungwe la Transport for London, lomwe mwachidule amati TfL.

Gulu loyamba ndi matakisi otchuka aja otchedwa black cab, ngakhale kuti masiku ano si onse akuda. Awa okha ndi amene mungawaimitse pamsewu pokweza dzanja kapena kuwapeza pa renki. Pamwamba kutsogolo amakhala ndi nyali yolembedwa kuti TAXI, ndipo ikayaka ndiye kuti mulibe munthu. Kumbuyo, kuwonjezera pa nambala ya galimoto, amakhala ndi kachikwangwani koyera kosonyeza nambala ya laisensi. M'kati muli mita, ndipo kuyambira mu 2016 onse amayenera kulandira malipiro a pakhadi. Dalaivala amakhala ndi baji: yobiriwira ngati ali ndi chilolezo choyenda mu London monse, yachikasu ngati chilolezo chake ndi cha madera ena a m'mbali mwa mzinda.

Baji imeneyi siibwera mwamasewera. Dalaivala amayenera kukhoza mayeso otchedwa The Knowledge, omwe anayamba m'chaka cha 1865. Amaloweza pamtima njira 320 ndi misewu masauzande ambiri yomwe ili mkati mwa mtunda wa mamailosi 6 kuchokera pa Charing Cross, ndipo ambiri zimawatengera zaka zitatu kapena zinayi, zaka zofanana ndi digiri yathu yomweyi. Kafukufuku yemwe Eleanor Maguire ndi anzake a ku University College London anatulutsa m'chaka cha 2000 anapeza kuti mbali ina ya ubongo yothandiza kukumbukira malo inali yokulirapo mwa madalaivala amenewa poyerekeza ndi anthu ena. Ndatchula izi kuti muone chomwe munthu wotere angataye akakuberani. Munthu amene wavutika zaka zinayi kuti apeze baji sangaiike pachiswe chifukwa cha mapaundi ochepa a mwana wasukulu. Bambo uja wa kachingwe m'khosi analibe chotaya.

Gulu lachiwiri ndi magalimoto omwe kumeneko amati minicab. Amaoneka ngati magalimoto wamba, koma pagalasi lakutsogolo ndi lakumbuyo amakhala ndi sitika yachikasu ya laisensi ya TfL. Lamulo lake ndi limodzi losavuta kukumbukira: galimoto yotere muyenera kuiitanitsa kaye kudzera ku kampani yovomerezeka, kaya pafoni, pa app kapena ku ofesi yawo. Uber ndi Bolt ali m'gulu limeneli. Dalaivala wa minicab saloledwa kukunyamulani mutangokumana pamsewu, ngakhale atakhala ndi sitika ndi mapepala onse. Kuitanira anthu pamsewu kuti akwere galimoto ya hayala ndi mlandu ku England, malinga ndi lamulo la mu 1994.

Poyamba ndinkaona ngati lamuloli ndi lokhwima mopanda nzeru. Ngati munthu ali ndi laisensi, vuto n'chiyani akandinyamula popanda kuimba foni? Koma taganizirani. Mukaitanitsa kudzera ku kampani, pamalembedwa kuti uje wanyamula uje, pamalo akuti, nthawi yakuti. Mukangokwera popanda zimenezo, ulendowo sukupezeka m'buku lililonse, ndipo pakachitika ngozi inshuwalansi ya galimotoyo ikhoza kukana ulendo umenewo. Mafunso awiri a mayi uja, nambala ndi kampani, ndiwo mutu wa nkhani yonse. TfL ilinso ndi tsamba pa intaneti pomwe mungalembe nambala ya galimoto kapena ya dalaivala n'kuona ngati laisensi yake ndi yamoyo.

Zizindikiro zimasintha, nzeru yake ndi imodzi

Mzinda uliwonse uli ndi zizindikiro zake, ndipo zomwe mwaphunzira ku London simungapite nazo kwina osafunsa. Ku New York matakisi ovomerezeka otchuka ndi achikasu. Mzindawu unayamba kupereka ziphaso zotchedwa medallion mu 1937, ndipo m'zaka za m'ma 1960 unalamula kuti matakisi okhala ndi chiphasochi apakidwe utoto wachikasu n'cholinga choti anthu aziwasiyanitsa ndi osavomerezeka. Chiphasocho ndi kachitsulo kokhomedwa pa boneti, ndipo nambala yake imaonekanso padenga ndi m'kati mwa galimoto. Kuchokera pabwalo la ndege la JFK kupita ku Manhattan mtengo ndi wokhazikika: kuyambira kumapeto kwa 2022 unali madola 70, osawerengera ndalama za misewu yolipira ndi tina towonjezera.

Ku Paris takisi imakhala ndi nyali padenga yolembedwa kuti Taxi Parisien, yobiriwira ngati ilibe munthu, yofiira ngati yanyamula kale. Kumenekonso maulendo ochokera ku mabwalo a ndege kupita mumzinda ali ndi mtengo wokhazikika. Mu 2024 kuchokera ku Charles de Gaulle unali mayuro 56 kupita kutsidya la kumpoto kwa mtsinje wa Seine, ndi mayuro 65 kupita kutsidya la kumwera. Mitengo imasintha, choncho muzionanso musananyamuke. Koma munthu wodziwa kuti mtengo wokhazikika ulipo sangamvere nkhani yakuti "tikambirana tikafika".

Kwa ambiri a ife mzinda woyamba wachilendo si London kapena Paris, koma Johannesburg, kaya tatsikira pa OR Tambo kapena tafika pa basi ku Park Station titadutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kumeneko ngakhale liwu lakuti takisi lili ndi tanthauzo lina. Munthu wa ku Joni akati takisi amatanthauza minibasi, yomwe imayenda njira yake yokhazikika ndipo anthu amaiimitsa ndi zizindikiro za zala. Galimoto yoti ikunyamuleni nokha mpaka pakhomo ndi takisi ya mita kapena ya pa app. Dziwaninso kuti pakhala mikangano kwa zaka zambiri pakati pa madalaivala a matakisi a mita ndi a pa app, moti pali malo ena omwe a pa app amaopa kuimapo. Ndi bwino kufunsa amene akukulandirani kuti mukakwerere pati.

Tsono chenjerani ndi chinthu chimodzi. Utoto umagulidwa, nyali ya padenga imagulidwa, kachingwe ka m'khosi kamagulidwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chizindikiro chimodzi pachokha sichikwanira. Chovuta kunamizira ndi zinthu zingapo zikagwirizana: galimoto yaima pa renki yomwe zikwangwani za bwalo la ndege zikulozera, nambala ya laisensi yakunja ikufanana ndi ya m'kati, chithunzi cha pakhadi ndi cha munthu amene wagwira chiwongolero, ndipo mita yayatsidwa galimoto ikunyamuka. Chimodzi chikasowa, funsani. Akakwiya ndi funsolo, mwapeza yankho.

App si chishango

Anzanga ambiri ndikawauza nkhaniyi amaseka n'kunena kuti zimenezo n'zachikale, masiku ano timangodina pafoni. N'zoona kuti app imathetsa mavuto ambiri. Mtengo umaoneka musanakwere, ulendo umalembedwa, ndipo mukhoza kutumizira mnzanu kuti azikuonani pamapu. Koma app imateteza munthu amene wakwera galimoto yomwe app yatumiza, yoyendetsedwa ndi munthu amene app yamuonetsa.

M'mwezi wa Novembala 2019, TfL inakana kuwonjezera laisensi ya Uber ku London. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti madalaivala osaloledwa ankatha kuika zithunzi zawo pa akaunti za madalaivala ena, ndipo maulendo osachepera 14,000 anayendetsedwa mwa njira imeneyi. Kampaniyo inakadandaula kukhoti ndipo inapatsidwanso laisensi chaka chotsatira, koma phunziro lilipo. Chaka chomwecho cha 2019, m'mwezi wa Malichi, mtsikana wina wa pa yunivesite ya South Carolina ku America anaitanitsa galimoto pa app usiku, n'kukwera galimoto ina yomwe inangoima pafupi naye poganiza kuti ndi yomweyo. Zitseko zakumbuyo zinali zokhomedwa moti sakanatha kutsegula ali m'kati. Anaphedwa. Anali wophunzira ngati ife, atatsala pang'ono kumaliza digiri yake.

Choncho musanatsegule chitseko, pitani kumbuyo kapena kutsogolo muwerenge nambala ya galimoto, muifananitse ndi ya pafoni. Onani mtundu wa galimoto ndi nkhope ya dalaivala. Musayambe ndinu kutchula dzina lanu. Mufunseni kuti wabwera kudzatenga ndani, atchule yekha. Ndipo dalaivala akakuuzani kuti muthetse ulendowo pa app kuti mungomupatsa ndalama pamanja pamtengo wotsikirapo, kanani. Mukavomera, mwadzichotsa nokha m'kaundula, ndipo mwabwerera pomwe ndinali ine m'galimoto ya bambo uja.

Zomwe ena anganditsutse nazo

Wina anena kuti, "Aise, ukulankhula ngati munthu wa ndalama. Takisi yovomerezeka ku London ndi yodula, ife timayendera ka alawansi." N'zoona, ndi yodula, ndipo ukasintha mtengowo kupita m'makwacha mutu umazungulira. Koma kusankha sikuli pakati pa takisi yodula ndi ya chinyengo yokha. Kuchokera ku Heathrow kuli sitima za Piccadilly line ndi Elizabeth line zomwe zimakafika pakati pa mzinda pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi takisi iliyonse. Kuchokera pa OR Tambo kuli Gautrain, yomwe inayamba kuyenda mu 2010 ndipo imafika ku Sandton m'mphindi pafupifupi 15. Ngati ndalama ndi zochepa, kwerani sitima kapena basi, kenako muitanitse galimoto ya mtunda waufupi wotsalawo. Komanso takisi ya chinyengo imangooneka yotchipa musanakwere. Mtengo wake weniweni mumaumva chikwama chili m'buti.

Wina anganene mfundo yolemerapo, yakuti ambiri mwa anthu oyendetsa magalimoto opanda mapepalawa ndi anthu obwera ngati ife tomwe, ena alibe zikalata zogwirira ntchito, akungofuna kudyetsa ana ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Kodi si nkhanza kuwatenga onse ngati akuba? Mfundo imeneyi ndimaimva, chifukwa tonse tili ndi achibale ku Joni omwe amapeza chakudya m'njira zomwe boma la kumeneko silizivomereza. Sindikunena kuti aliyense wopanda laisensi ndi chigawenga. Ambiri mwina angakufikitseni bwinobwino. Vuto ndi lakuti inu, mlendo wa ola limodzi, mulibe njira yosiyanitsira wabwino ndi woipa, chifukwa onse amamwetulira mofanana. Ngati pali Mmalawi mnzanu amene mukumudziwa, kapena wodziwika kwa anthu amene mumawakhulupirira, ndipo wabwera kudzakutengani, imeneyo ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo chitetezo cha kwathu chija chilipo. Koma chifundo kwa munthu wosamudziwa sichiyenera kukufikitsani poika moyo wanu m'manja mwake. Ndipo tisaiwale kuti madalaivala ambiri okhala ndi laisensi m'mizinda imeneyi nawonso ndi obwera, amene anavutika kulipira mayeso ndi inshuwalansi. Woitanira pakhomo uja akulanda chakudya cha iwowa.

Mfundo yachitatu ndi yomwe imandivuta kwambiri: laisensi siisandutsa munthu kukhala mngelo. John Worboys anali dalaivala wa black cab wokhala ndi mapepala onse, ndipo mu 2009 khoti linamupeza wolakwa pa milandu yochitira nkhanza azimayi 12, omwe ankawapatsa chakumwa chothira mankhwala ponamizira kuti akusangalalira ndalama zomwe wapambana. Apolisi amakhulupirira kuti anthu amene anawachita chipongwe ndi ochuluka kuposa pamenepo, ndipo apolisiwo anadzudzulidwa chifukwa chosamvera azimayi ena amene anadandaula poyamba. Nkhani imeneyi imatikumbutsa kuti ngakhale m'takisi yovomerezeka maso azikhala otsegula: khalani kumbuyo, musalandire chakumwa kapena chakudya kwa dalaivala, ndipo wina adziwe komwe muli. Koma siikutanthauza kuti laisensi ilibe ntchito. Loko wa pachitseko saletsa akuba onse, koma palibe amene amagona chitseko chili pululu chifukwa cha zimenezo. Laisensi imachepetsa mpata wa zoipa, ndipo zikachitika pamakhala poyambira.

Homuweki ya mphindi khumi

Safunsa anadya phula. Zonse zomwe ndinafunika kudziwa tsiku lija zinali pa intaneti, ndipo ndikanaziwerenga ndili pa Wi-Fi ya pasukulu ndisananyamuke. Musanakwere ndege kapena basi, tsegulani tsamba la bwalo la ndege kapena siteshoni yomwe mukafikire, ndi la bungwe loyang'anira zamtengatenga mumzindawo. Pezani mayankho a mafunso awa: takisi yovomerezeka imaoneka bwanji, renki yake ili pakhomo liti, imayendera mita kapena mtengo wokhazikika, ndipo ulendo wanu uyenera kudya ndalama zingati. Jambulani mayankhowo pafoni, chifukwa mukafika mwina simukhala ndi intaneti. Lembani adilesi ya komwe mukupita papepala, poti batire limatha nthawi yomwe ukulifuna. Ngati yunivesite kapena bungwe lomwe lakuitanani lili ndi dongosolo lotenga alendo, lembetsani, ndipo mufunsiretu dzina la amene adzakutengeni. Sungani nambala ya apolisi: 999 ku Britain, 112 m'maiko a European Union, 911 ku America, 10111 ku South Africa.

Mukafika, tsatirani zikwangwani, osati anthu. Wina akakuyandikirani, nenani kuti "ayi, zikomo" mukuyenda, dzanja lili pachikwama. Simukuyenera kufotokoza chifukwa. Ngati mwasokonezeka, pitani pa desiki ya zofunsa kapena kwa wapolisi, osati kwa munthu amene wakupezani yekha. Mzere wa pa renki ukhoza kukhala wautali ndipo kunja kukhoza kuzizira, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanalowe, jambulani nambala ya galimoto ndi kuitumiza kwa mnzanu, ndipo dalaivala aone kuti mwatero. Woona mtima sadandaula nazo. Pomaliza pemphani lisiti, chifukwa ndi lomwe lingakuthandizeni ngakhale mutangoiwala chikwama cha laputopu pampando.

Kwa asungwana anzathu ndiwonjezere ichi: mukamva mumtima kuti china chake sichili bwino, musadikire umboni. Uzani dalaivala aime pamalo owala, pomwe pali anthu, ngati pa filling station kapena pakhomo pa hotela, mulipire, mutsike. Kuoneka wamwano kwa mphindi imodzi si mlandu.

Chomwe ndinabwera nacho kumudzi

Chodabwitsa n'chakuti ulendo uja unasintha momwe ndimayendera kuno kwathu. Kale ndinkakwera chilichonse choima. Pano ndikamachoka mochedwa ku laibulale kapena ku tauni, ndimayang'ana nambala, ndimaitumiza kwa mchemwali wanga, ndipo ndimakonda kuitana wa kabaza kapena dalaivala amene ndikumudziwa kusiyana ndi wongondiimira. Anzanga amati ndinabwera ndi matama a kunja. Mwina. Koma ndimaganiziranso mlendo amene akutsika pa Chileka kapena pa Kamuzu International Airport koyamba, kapena mwana wa ku Chitipa amene wafika ku Blantyre usiku kudzayamba sukulu. Kwa iyeyo, Blantyre ndi mzinda wachilendo ngati momwe London inalili kwa ine. Kodi ife tingamuuze kuti ayang'ane chizindikiro chiti? Ngati yankho lathu ndi lakuti "ungoona nkhope", ndiye kuti makhonsolo athu ndi a zamsewu ali ndi ntchito, ndipo ife amene tikumaliza sukulu n'kukalowa m'maofesi amenewo tisadzaiwale.

Patatha masabata angapo, tsiku lobwerera, ndinadutsanso pabwalo la ndege lomwe lija. Ndinali ndi nthawi, ndiye ndinatsikira dala kumalo ofikira alendo kuti ndione pomwe ndinalakwitsa. Chikwangwani cholozera ku matakisi chinali pomwepo, chachikulu, zilembo zake zooneka patali. Kuchokera pomwe bambo uja anandigwirira chikwama kukafika pa renki panali mtunda wosakwana kuchoka ku hositelo kupita ku kafeteriya.